Chipata cha Chingerezi ndi mwana wa kuchigwa

Makolo a ku Nsanje ndi Chikwawa amandifunsa kawirikawiri: "Aphunzitsi, mwana wanga anafika Folomu 4, nanga bwanji akudula nzimbe ku Nchalo ngati ine amene sukulu sindinaiponde?" Funsoli limandipweteka, chifukwa fizi ija inachokera m'thonje ndi m'mbuzi zogulitsa pa nthawi ya njala.

Chiyambire 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, kulowa sukulu sikuvutanso. Chovuta n'kukwera, ndipo mwana wa kuchigwa kuno amapunthwa kwambiri pa chiyankhulo. Wa ku Tengani kapena ku Marka amakula akuyankhula Chisena. Akafika Sitandade 1 amaphunzira m'Chichewa, kenako kuyambira Sitandade 5 zonse zimatembenukira ku Chingerezi. Ziyankhulo zitatu asanakwanitse zaka 12! Amene sanadziwe kuwerenga bwino pofika Sitandade 4 amangokopera za pabolodi osamva kanthu, mpaka mayeso a Sitandade 8, omwe amagamula ngati apite ku sekondale yogonera konko, ku sekondale yoyendera ya m'dera (CDSS), kapena atsale kumudzi.

Ku Folomu 4 chipatacho n'chopapatiza kwambiri. Kuti munthu alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro 6, Chingerezi chili momwemo. Ndaonapo mnyamata wodziwa masamu ngati madzi akubwerera chimanjamanja chifukwa cha Chingerezi chokha. Ku yunivesite za boma amafuna makirediti 6, ndipo Chingerezi sichisowanso pamenepo. Unamwino, uphunzitsi, ntchito za m'boma, zonsezi zili kuseri kwa chipata chomwechi.

Onjezanipo madzi osefukira. Mu Januwale 2015, komanso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, mabuku n'kupita ndi matope. Koma mayeso a MANEB ndi amodzimodzi dziko lonse. Mwana wa ku Makhanga amayankha mafunso omwewo ndi mnzake wa ku Lilongwe amene sanajombepo.

N'chifukwa chake ndimapempha makolo kuti nkhawa yawo iyambe mwana ali Sitandade 3, osati podikira zotsatira za Folomu 4. Madzulo, kutentha kukachepa, muuzeni akuwerengereni tsamba limodzi mokweza, kenako akufotokozereni m'Chisena kapena m'Chimang'anja zomwe wamva. Ngakhale inu musadziwe kuwerenga, mudzamva ngati akudodoma. Akadodoma, mawa lake pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake teremu isanathe.