Chithunzi chikule bwanji mu gemu ya pa foni?

Achinyamata amene ayamba kumene kupanga magemu a pa foni amakonda kundifunsa kuti zithunzi zawo azijambule zazikulu bwanji. Ambiri amabwera yankho lili kale m'mutu: zikule ndithu kuti zioneke bwino. Ine ndimayamba ndawafunsa kuti chinthu akujambulacho chidzatenga malo otani pa sikirini ya foni imene anthu adzasewererepo.

Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo sikirini nayo ili ndi ake owerengeka. Mafoni ambiri otsika mtengo, ngati a itel ndi Tecno amene ali mbwee m'misika yathu, ali ndi mapikiselo 720 m'lifupi ndi pafupifupi 1600 m'litali. Tiyerekeze kuti kamunthu ka mu gemu yanu kamatenga gawo limodzi mwa magawo 10 a kutalika kwa sikiriniyo. Amenewo ndi mapikiselo 160 basi. Mukakajambula pa 2048, foni izikafinya mpaka kakwane pa 160 pomwepo, ndipo timizere ta malaya timene munachezera usiku wonse palibe adzatione.

Chikhala kuti vuto ndi kutaya nthawi kokha, bwenzi ndikungokusiyani. Koma pali nkhani ya memore, malo amene foni imaikamo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Fayilo ya PNG imaoneka yopepuka chifukwa ndi yopanikizidwa, ngati zovala zopindidwa m'chikwama. Gemu ikafuna kuonetsa chithunzicho imachifunyulula chonse, ndipo pikiselo iliyonse imadya mabayiti 4: kufiira, kubiriwira, buluu, ndi lachinayi losonyeza ngati malowo ndi oonekera mkati. Chulukitsani 2048 ndi 2048, kenako ndi 4, mupeza 16 MB pa chithunzi chimodzi. Mukayatsa mipmaps, timakope tating'ono timene gemu imagwiritsa ntchito chinthu chikakhala patali, zimaonjezekera gawo limodzi mwa atatu n'kufika pa 21 MB. Zithunzi 20 zoterozo zapitirira kale 400 MB. Pa foni ya 2 GB, imene Android ndi WhatsApp zadyapo kale gawo lalikulu, gemu imayamba kukakamira, foni n'kutentha, kenako n'kudzitsekera yokha. Wosewera sadziwa za memore. Amangoti gemuyi ndi yosachita bwino, n'kuifufuta.

Chosangalatsa n'chakuti masamu omwewa amakuthandizani mukamachepetsa. Mukadula mbali zonse ndi theka, memore imatsika kanayi: 1024 imadya 4 MB, 512 imadya 1 MB yokha.

Palinso njira zopanikizira zithunzi zimene GPU, chipangizo cha m'foni chokonza zithunzi zooneka pa sikirini, chimawerenga osazifunyulula. Njira yotchedwa ETC2 imagwira pa foni iliyonse ya Android yokhala ndi OpenGL ES 3.0 (dongosolo limene magemu amalankhulira ndi GPU), ndipo chithunzi cha 16 MB chija imachitsitsa kufika pa 4 MB. ASTC, imene inachokera ku kampani ya Arm, imakulolani kusankha nokha mlingo wopanikizira. Pa mlingo wa 6x6 chithunzi chomwecho sichikwana 2 MB. Udzu, makoma ndi mitambo zimapirira kupanikizidwa kwambiri. Zilembo ndi mabatani ayi, m'mphepete mwake mumachita ngati mwadetsedwa, choncho zimenezo muzizipanikiza pang'ono chabe.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti muzijambula tizithunzi tating'ono. Chithunzi choyambirira chikhale chachikulu, kawiri kapena kanayi kuposa chimene mukufuna, ndipo muchisunge bwino. Chopita mu gemu ndi kope yochepetsedwa. Mu Unity, pulogalamu yopangira magemu, muli malo olembedwa Max Size pa chithunzi chilichonse, pamene mumaika malire popanda kukhudza choyambiriracho. Chifukwa chake n'chakuti masikirini amasintha. Mu 2010 Apple inatulutsa iPhone 4 ya mapikiselo 960 ndi 640, pamene yam'mbuyo mwake inali ya 480 ndi 320. Amene anasunga zojambula zazikulu anangotulutsa makope atsopano. Amene anali ndi zazing'ono zokha anafunika kujambulanso, chifukwa chithunzi chaching'ono ukachikoka chimachita mbuu.

Mabatani ali ndi muyeso wawo. Android imagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa dp, umene sudalira kuthinana kwa mapikiselo pa sikirini, ndipo Google imalangiza kuti malo ogunda ndi chala asachepere 48 dp. Masikirini ali ndi mayina malinga ndi kuthinana kwa mapikiselo awo: pa ya xhdpi amenewo ndi mapikiselo 96, pa xxhdpi ndi 144, pa xxxhdpi ndi 192. Batani la mapikiselo 1024 lilibe ntchito pa foni iliyonse.

Amene mumakonda pixel art, zithunzi za timabokosi ngati za magemu akale, lamulo lanu ndi lina. Sankhani bwalo laling'ono ngati 320 ndi 180 ndipo muzilikulitsa ndi nambala yathunthu: kanayi limakwana 1280 ndi 720, kasanu n'kamodzi limakwana 1920 ndi 1080. Mukakulitsa ndi 4.5, timabokosi tina timanenepa tina n'kuonda, ndipo diso limaona msanga. Muzimitsenso kusalaza kwa zithunzi; mu Unity ikani Filter Mode pa Point.

Chimene ndimaumirira kwambiri ndi kuyesa pa foni yeniyeni. Laputopu imene mukupangira gemu imabisa mavuto onsewa. Bwerekani foni yotsika mtengo kwambiri imene ili pakhomo panu, ikanimo gemuyo kawiri, ina ya zithunzi za 1024 ina ya 512, mupatse mng'ono wanu asewere zonse ziwiri osamuuza kusiyana kwake. Akalephera kuloza yooneka bwino, tengani ya 512. Kumbukiraninso kuti amene adzakopere gemuyo adzalipira ndi bandulo yake, ndipo akaona 300 MB pa Play Store ambiri amabwerera pomwepo, asanaone n'komwe chithunzi chanu chimodzi.