Musanalipire fizi ya sukulu ya mano, funsani kuti mwanayo azagwira odwala angati

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina kuntchito kwanga, osati ndi dzino lowawa ayi, koma foni mmanja, akuti adokotala tandionereni sukulu iyi, mwana wanga akufuna akaphunzire za mano kunja ndiye ejenti watitumizira izi pa WhatsApp. Pa chithunzicho analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ana awo pafupifupi onse amakhoza mayeso a layisensi, moti mayiwo mtima unali utakhazikika kale, amangofuna ine ndivomereze basi. Ndinawafunsa kuti kodi mwanayu pomaliza sukulu akhala atazula mano angati ndi manja ake, osati kuima kumbuyo kwa aphunzitsi nkumasuzumira? Pa chithunzi paja yankho panalibe, ejenti nayenso analibe.

Musandimve molakwika, mayeso a layisensi ndi ofunika kwabasi. Popanda layisensi palibe amene angakulole kugwira mkamwa mwa munthu, kuno kwathu dzina lako liyenera kukhala mu kaundula wa Medical Council of Malawi, ku South Africa ndi HPCSA, ku Britain ndi General Dental Council. Sukulu yomwe ana ake amangolephera chaka ndi chaka ithaweni, pamenepo palibe zokambirana. Koma nambala ya okhoza ija ili ndi zobisika zake. Kodi akuwerenga amene anakhoza ulendo woyamba kapena aphatikizamo omwe anabwereza katatu? Analowa chaka choyamba cha udokotalawo anali angati ndipo anafika pa mayeso ndi angati? Chifukwa pali sukulu zina zimayamba zasefa, ofooka osawalola kulemba mpaka atakhwima kapena atasiya okha, ndiye nambala imatuluka yowala bwino pomwe ana ambiri anatsalira mnjira. Komanso ku America, mayeso awo a INBDE omwe anayamba mu 2020 amangoti wakhoza kapena walephera, alibe malikisi oti nkusiyanitsira katswiri ndi wongodutsa pangʼono.

Tsono ntchito ya mano ili mmanja, ndipo apa mpamene ine mtima wanga uli. Aliyense amayambira pa mutu wa chidole, mano apulasitiki, kuboola ndi kumata mpaka dzanja lizolowere, nzabwino ndithu. Koma chidole sichituluka magazi, chilibe malovu, lilime lake siligwedezeka, sichinjenjemera chikaona jakisoni, sichingakuuze kuti ndili ndi shuga kapena BP kapena ndikumwa mankhwala osungunula magazi. Tsiku lomwe muzu wa dzino uzathyokera mkati, wodwala thukuta lili kamukamu, panja mzere wafika pa geti, zomwe zizamuthandize mwana wanuyo ndi zakuti zinamuchitikirapo kale ali pasukulu, mphunzitsi ali pambali pake nkumuuza modekha kuti usakoke, tsegula chonchi, lowetsa chitsulo apa. Makamaka kwathu kuno komwe anthu ambiri amabwera mochedwa, tsaya litatupa, mafinya atayamba kale, atayesa kaye mchere ndi mankhwala a pa golosale.

Ndipo ngakhale a mayesowo amadziwa zimenezi. Amene anaphunzira kunja akafuna kukagwira ntchito ku Britain, ambiri amadzera mayeso a ORE, ndipo asanakulole nkomwe kulemba amafuna umboni woti unathandizapo odwala wekha pa mpando kwa maola osachepera 1,600. Gawo loyamba ndi lolemba, lachiwiri ndi lamanja. Ndiye sukulu yongoloweza mabuku ikutsekereza pa khomo lomwelo lomwe inalonjeza kukutsegulira.

China chomwe makolo ambiri sachiganizira ndi chiyankhulo. Kuli maiko komwe mkalasi amaphunzitsa mu Chingerezi koma odwala kuchipatala amayankhula chinenero chawo, ndiye mwana wobwera uja sangafunse ngakhale kuti dzino layamba liti kuwawa, mapeto ake amangokhala wogwirizira zipangizo zaka zonse. Chinanso, chipatala chotchuka chodzadza ndi madokotala omwe akuphunzira ukatswiri nthawi zina chimamana ana a digiri yoyamba, odwala ovuta onse amatengedwa ndi akuluakuluwo, iwo nkutsala ndi kutsuka mano basi.

Osaiwalanso kuti pafupi pompa sukulu za mano ziliko. Digiri ya udokotala wa mano inayamba ku College of Medicine ku Blantyre mu 2019, yomwe pano ndi Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu MalDent Project. Ku Dar es Salaam kuli yunivesite ya Muhimbili, ku Ndola kuli Copperbelt University. Ubwino wa kuno odwala sasowa, ndipo mwana amaphunzira pa matenda omwewo omwe azakumane nawo akayamba ntchito. Komabe ngakhale zimenezi zifunseni mafunso omwewo, mipando yogwira ntchito ilipo ingati, ana amagawana bwanji, zomatira mano zimapezeka kapena zikatha aliyense amangozula.

Mayi aja ndinawauza kuti asiye kaye ejenti, alembere sukulu yeniyeniyo afunse chaka chomwe ana amayamba kugwira odwala enieni, mphunzitsi mmodzi amayangʼanira ana angati ku kiliniki, komanso awatumizire buku lomwe amalembamo ntchito za mwana aliyense, kuzula kangati, kumata kangati, root canal (kuchotsa mtsempha wa mkati mwa dzino nkumata) zingati, mano oikirira angati asanamulole kumaliza. Ndinawauzanso apeze mwana wa chaka chomaliza pa Facebook amufunse zomwe wachita sabata yathayi, kenako apite okha ku Medical Council ku Lilongwe akafunse ngati digiri ya sukuluyo amaivomereza komanso zomwe mwanayo azafunike kuchita akabwerako, zonsezi asanatumize ngakhale tambala ya dipoziti.