Mapointi atatu a ku Creedmoor

Mu September 2024 zinakwana zaka 150 chichitikireni mpikisano wowombera mfuti wa Amerika ndi Ireland ku Creedmoor, pafupi ndi New York, koma okonda kuwombera chandamale ndi mfuti za onga wakuda adakakanganabe za tsikulo. Ambiri amati ndi pamene mfuti yolongera kumbuyo inathetsa mankhalu gogodela. Mapointi akewo sakuvomereza kwenikweni.

Chiyambi chake n'chachifupi. Mu 1873 timu ya Ireland inapambana Elcho Shield, mphoto ya mpikisano wowombera patali, ku Wimbledon ku England, ndipo mtsogoleri wake, Major Arthur Leech, anaputa Amerika kudzera m'nyuzipepala ya New York Herald. Kagulu ka Amateur Rifle Club ya ku New York kanavomera, chikhalirecho mamembala ake anali asanazolowere kuwombera patali chotero. Makampani a Remington ndi Sharps anawapangira mfuti zolongera kumbuyo mwamsangamsanga.

Anakumana pa 26 September 1874 ku Creedmoor, pa chilumba cha Long Island, anthu 6 mbali iliyonse. Aliyense ankawombera ka 15 pa mayadi 800, 900 ndi 1,000, ndipo kulasa pakatikati kunali mapointi 4. Mfuti isapitirire mapaundi 10, magalasi okokera pafupi ayi. A ku Ireland anabwera ndi magogodela a Rigby, mwini wake John Rigby ali m'timu momwemo.

Nkhani yagona pa mwaye. Onga wakuda ukapsa umasiya zinyalala zambiri mumpope, ndipo kukatentha zimauma gwa, chipolopolo chotsatira n'kuphonya. Aamerika ankapukuta mpope akangowombera, pomwe anzawowo ankangolonga n'kuwomberanso osapukuta. Zipolopolo zinali za mtovu, zokulungidwa m'pepala lopyapyala. Za Aamerika zinkalemera magireni (muyezo waung'ono wa kulemera) pafupifupi 550, ndipo onga wake, magireni cha m'ma 90, ankachita kuyeza mosamala. Henry Fulton wa ku Amerika, amene anaposa onse ndi mapointi 171 pa 180, ankaika khoko la onga kumbuyo kwa Remington yake koma chipolopolo n'kulowetsera kukamwa kwa mpope. Ndiye kuti katswiri wa mbali yopambanayo theka la ntchito ankaigwira chigogodela. Otamanda mfuti yatsopanoyo kawirikawiri amadumpha pamenepa.

Pa mayadi 800 Amerika inatsogola 326 kwa 317. Pa 900 Ireland inapeza 312 kwa 310, pa 1,000 inapeza 302 kwa 298. Mtunda ukamatalika, gogodela ndiye ankalasa bwino. Ndipo pali tsoka la J. K. Milner wa ku Ireland: analasa pakatikati penipeni, koma pa chandamale cha eni, n'kupatsidwa ziro. Mapointi 4 anapita choncho, pa mpikisano umene Amerika inapambana 934 kwa 931.

Chomwe anthu amakumbukira n'chakuti Colonel John Bodine, wowombera womaliza wa Amerika, botolo la chakumwa linamuswekera m'manja, iye n'kumanga dzanja lotuluka magazilo, kugona pansi, n'kulasa pakati timu yake ikutsalira ndi pointi imodzi. Zoti analasa palibe amatsutsa. Za botolozo olemba amasiyana, ena akuti munali ichi ena icho, ndipo aliyense wofotokoza pambuyo pake amawonjezako kamchere. Tisaiwalenso kuti zambiri zimene tili nazo zinachokera m'nyuzipepala za ku New York ndi kwa makampani amene anali ndi mfuti zoti agulitse. Malamulo ndi malamulo, ziro ya Milner inali yoyenera, ndipo a ku Ireland anavomereza mwaulemu. Komabe cholakwa chinali diso la munthu, mfuti ya Rigby inalasa pomwe anailozetsa.

Masiku ano amene amakawombera ku Whittington Center, ku Raton m'chigawo cha New Mexico, akulimbanabe ndi mwaye womwewo. Ena amapukuta, ena amauzira mpweya wa m'kamwa kudzera m'kapaipi kuti mwayewo ufewe. Ena salola chipolopolo china kupatula chokulunga m'pepala, ena amakonda cha mizere yopaka mafuta, ndipo mbali zonse zimatchula Creedmoor ngati mboni yawo. Wofuna umboni wolimba wa mfuti yolongera kumbuyo akadayamba ndi mpikisano wachibwereza wa mu 1875 ku Dollymount, pafupi ndi Dublin, komwe Aamerika anapambana ndi mapointi oposa 30, popanda chandamale cha eni choti wina anamizire.