Analimata a m'mapiri a Mulanje ndi Namuli

Nalimata amene tonse timamudziwa ndi wa m'nyumba uja, wotuwa, wodikirira njenjete pafupi ndi nyale usiku. M'nkhalango za phiri la Mulanje muli abale ake ena, ang'onoang'ono ngati chala, oyenda masana pa makungwa a mitengo ndi pa miyala. Akatswiri amawaika m'gulu la Lygodactylus. Mboni ya diso lawo ndi yozungulira, ndipo kunsi kwa nsonga ya mchira kuli timamba tomata tofanana ndi ta ku zala, moti mchirawo umagwira nthambi.

Mayina a tinyamati anachokera kutali. Mu 1962 katswiri wa ku France, Georges Pasteur, analemba za nalimata wa pa Mulanje n'kumutcha bonsi polemekeza mnzake Jacques Bons. Chaka chotsatira, mu 1963, Donald Broadley, yemwe ankagwira ntchito ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Umtali (lero ndi Mutare), anafotokoza za wina wokulirapo n'kumutcha Lygodactylus rex. Broadley anakhala pa ntchito ya njoka ndi abuluzi a chigawo chino mpaka pamene anamwalira mu 2016.

Kulengeza mtundu watsopano si kungoona kanyama kachilendo n'kuthamangira kukapatsa dzina ayi. Kamodzi kamasungidwa m'botolo la mankhwala kuti kakhale mboni ya mtundu wonsewo. Kenako munthu amakhala pa galasi lokuzira zinthu masiku ambiri, kuwerenga mamba a pansi pa chibwano, mizere ya pansi pa chala, ndi timabowo timene amuna amakhala nato pafupi ndi tsinde la mchira. Akasiyana timamba tiwiri kapena titatu, mkangano wabuka: uwu ndi mtundu wina, kapena ndi womwewo wangosintha pang'ono? Ngakhale bonsi uja, Pasteur poyamba anamuika ngati nthambi chabe ya mtundu wa ku mapiri a Nyanga ku Zimbabwe. Akatswiri anadzamupatula patapita zaka.

Kutsidya kwa malire, ku Zambezia m'dziko la Mozambique, kuli phiri la Namuli lotalika mamita 2,419, limene Alhomwe ambiri amati ndiko kuchimake kwa makolo awo. Kwa zaka zambiri ofufuza sankapondako chifukwa cha nkhondo, yoyamba yomenyera ufulu, kenako yapachiweniweni imene inatha mu 1992. Atayambanso kukwera mapiri amenewa nkhondo itatha, anapeza nalimata wofanana kwambiri ndi a pa Mulanje. Apa ndi pamene kuyeza DNA, tizinthu ta m'thupi tosonyeza chibale cha zamoyo, kunathandiza. Mu 2013 Daniel Portik, Scott Travers, Aaron Bauer ndi William Branch analengeza kuti wa pa Namuli ndi mtundu pawokha, Lygodactylus regulus.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nkhalango zachinyezi za pamwamba zinalekanitsidwa kalekale ndi zigwa zotentha, ndipo kanyama kotere sikangawoloke chigwa. Gulu lililonse linatsala pa phiri lake, n'kumasintha palokha mibadwo ndi mibadwo.

Ena amafunsa kuti dzina la Chilatini lithandiza ndani, anthu akugona ndi njala. Ine ndimaona kuti ndi lofunika ndithu, chifukwa nyama yopanda dzina singalembedwe pa mndandanda wa zotetezedwa, ndipo ikatha palibe angadziwe. Pa Namuli nkhalango ikugwetsedwa kuti anthu alime mbatata ya kachewere, ndipo olimawo sitingawanene kuti ndi oipa, akusaka chakudya cha ana. Pa Mulanje moto wolusa, makala ndi macheka zadya mitengo yambiri, kuphatikizapo mkungudza. Mu 2024 akatswiri anapempha kuti mapiri onsewa, kuyambira kum'mwera kwa Malawi mpaka kumpoto kwa Mozambique, aziwerengedwa ngati dera limodzi la chilengedwe lofunika kulisamalira pamodzi, ndipo anapeza kuti chiyambire 2000 pafupifupi 18 peresenti ya nkhalango yake yachinyezi yatha kale.