Kutseka magalasi sikutsekereza utsi

Okutobala akafika, kutentha kwa ku Tete kuno kukadutsa madigiri 40, funso la ku galaja limakhala lomwelo: "Amisiri, ndingagoneko pang'ono m'galimoto injini ikulira, AC yoziziritsa m'kati ili yoyatsa?" Ndikati ayi, amanditsutsa: "Magalasi ndimatseka, utsiwo ulowera pati?" Mawu amenewa ndatopa nawo.

Galimoto si botolo. Pansi pake pali timabowo todutsa mawaya, malabala a buti ndi a zitseko amatha, dzimbiri nalo limaboola. Ikamayenda, mphepo imauluzira utsi kumbuyo. Ikaima, utsi umaunjikana kunsi kwake, makamaka pafupi ndi khoma, m'galaja, kapena pamzere wa magalimoto olira onse. Batani lija lozunguliza mpweya wam'kati silimata bowo lililonse.

Chomwe chimapha ndi poizoni wa mu utsiwo wotchedwa carbon monoxide. Alibe fungo, alibe mtundu, ndipo amamatirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Munthu ali maso amamva mutu kuwawa, chizungulire ndi nseru. Wogona samva kanthu, n'chifukwa chake tulo ndi timene ndimaletsa kwambiri.

Sindimaiwala dalaivala wina amene anagona motero pachipata cha Zóbuè, m'malire a Mozambique ndi Malawi, akudikira mapepala. Anadzuka akusanza, mutu ukung'amba. Anzake anati ndi malungo, anamugulira mapilitsi pa benchi, wina anamumwetsa mkaka, kenako anamubwezera m'galimoto momwemo kuti apume pozizira! Kuchipatala anafika mawa lake atasokonezeka mutu. Galimotoyo itabwera kwa ine, ekizosi ndinaipeza yokulungidwa ndi chitini ndi waya, chosefera utsi atachidula n'kuwotchererapo paipi wamba. Amakaniko a pansi pa mtengo amene amachotsa chosefera chimenechi ponena kuti injini ipeza mphamvu, amakusiyirani utsi waukali kuposa kale.

Mkaka suchotsa poizoni ameneyu. Mutulutseni munthuyo apume mpweya wapanja, zimitsani injini, muthamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene kuti anali m'galimoto yolira, kuti akamupatse okosijeni.

Za ana ndisachite kubwereza. Galimoto yoima imadalira fani yokha kuti injini izizire. Fani ikafa kapena injini ikazima, AC nayo yatha, ndipo mwana womangidwa lamba sangatsegule chitseko. Musamusiye, ngakhale mukungolowa mu shopu.

Kudikira mphindi zochepa muli maso, pabwalo podutsa mphepo, ekizosi ili yabwino, vuto n'lochepa. Ngati ekizosi yayamba kulira mopokosera, ikaonedwe sabata ino.