Kodi nyimbo za magemu akale tizijambulire pa bokosi liti?

Mu fayilo ya MIDI mulibe mawu. Muli malangizo okha, akuti chida chakuti chiimbe noti yakuti, mwamphamvu chonchi, kwa nthawi yakuti. Mawu enieni amatuluka m'kabokosi kolumikiza ku kompyuta, komwe ife a mu situdiyo timangoti module. Ndiye wina akandifunsa kuti ajambulire pa bokosi liti nyimbo za magemu akale a pa kompyuta, ndimayamba ndamufunsa kuti gemuyo ndi ya chaka chiti.

Tiyambe ndi Roland MT-32 ya 1987. Kampani yopanga magemu ya Sierra inayamba kuigwiritsa ntchito mu gemu ya King's Quest IV mu 1988, ena nkutsatira. Bokosi limeneli lili ndi khalidwe lakelake: gemu ikamayamba, imalitumizira kaye mauthenga apadera a MIDI otchedwa SysEx, opanga mawu atsopano amene munalibemo. Mudzaona timawu tikudutsa pa kagalasi kake, apo ndiye kuti zida zikulowa. Mukatenga nyimbo yomweyo nkuiika pa bokosi la General MIDI (muyezo wogwirizanitsa manambala a zida umene unadza pambuyo pake), manambala a zida sagwirizana, ndipo mauthenga aja amangopita padera. Pomwe panayenera kulira chitoliro pamalira china chosadziwika bwino. Komanso MT-32 zoyambirira, zopanda polowetsa mahedifoni, sizifuna kuthamangitsidwa. Mukazitumizira SysEx mwaliwiro zimadandaula kuti buffer (posungira mauthenga olowa) yadzadza, zida zina osalowa.

Mu 1991 kunabwera General MIDI pamodzi ndi Roland Sound Canvas SC-55, yoimba manoti 24 nthawi imodzi. Apa zinthu zinayamba kulongosoka, chifukwa nambala 1 inakhala piyano pa bokosi lililonse lotsata muyezowo. Nyimbo za Doom ya 1993 anthu ambiri amazijambulira pa SC-55, ndipo ine sindiwatsutsa.

Pomwe ambiri amasochera ndi pa SC-88 ya 1994 ndi SC-88Pro ya 1996. Pa pepala zimaoneka zopambana: manoti 64, zida zoposa 600 pa SC-88, zoposa 1,000 pa Pro. Mawu ake ndi oyera, sindikana. Koma wopeka nyimbo wa mu 1992 ankasakaniza ndi makutu ali pa SC-55. Ankatsitsa gitala chifukwa pa bokosi lakelo inkalira mopitirira, nkukweza besi chifukwa inkabisala. Mukasintha bokosi, muyeso wonsewo umasokonekera. Tsiku lina ndinajambula nyimbo imodzi kawiri motsatizana, zingwe zomwezo, voliyumu yomweyo. Pa SC-88Pro ng'oma zinakwirira nyimbo yonse, mpaka mnzanga amene ndinali naye anafunsa ngati ndasintha fayilo. Inde pali batani la SC-55 Map lomwe limabweza zida zakale, ndipo limathandiza ndithu, koma khutu lozolowera limamvabe kusiyana pang'ono, makamaka pa reverb, kulira kotsalira kwa mawu ngati m'chipinda chachikulu.

Za Yamaha sindichulukitsa. MU80 ya 1994 inabwera ndi muyezo wawo wa XG, ndipo nyimbo yolembedwera XG muijambulire pa Yamaha basi.

Ngati MT-32 yeniyeni yakusowani, pulogalamu ya Munt imaitsanzira bwino kwambiri, bola mukhale ndi ma ROM a bokosilo, omwe ndi mafayilo okoperedwa m'machipu ake. Ingoyang'anani kaye ngati gemuyo inkafuna CM-32L ya 1989, m'bale wake wa MT-32, yomwe ili ndi mawu owonjezera 33, monga a mvula ndi a kuphulika kwa bomba. Pa MT-32 wamba, malo a mawu amenewo mumangomva zii.