Ana aseke kaye, mafunso abwere pambuyo

Sukulu zikangotsekera tchuthi cha Khrisimasi, makolo amandifunsa funso limodzimodzi: ana tiwaonetse chiyani pa kanema chomwe sichingawasokoneze mitu? Ndakhala ndikuphunzitsa Sande Sukulu kwa zaka zambiri, ndipo mkati mwa sabata ntchito yanga ndi yosula aphunzitsi a ana ang'onoang'ono. Yankho langa limadabwitsa ena, chifukwa sinditchula filimu ya nkhani za m'Baibulo. Ndimatchula Home Alone, filimu yoseketsa ya ku America ya mu 1990, yomwe analemba John Hughes ndipo anaitsogolera Chris Columbus.

Si filimu yachikhristu, ndipo tisaiveke mkanjo womwe ilibe. Koma mwana akamaseka mtima wake umakhala pamtetete, ndiye kholo lochenjera limadziwa polowera.

Nkhani yake ambiri mukuidziwa. Kevin, mnyamata wa zaka 8 wa ku Chicago, akukangana ndi mkulu wake Buzz chifukwa cha pizza, usiku woti mawa lake banja lonse likwera ndege kupita ku Paris. Amayi ake akumutumiza kukagona yekha kuchipinda cha pamwamba, iye n'kuwauza kuti sakufunanso kuwaona onsewo. Usiku magetsi akuzima, mawotchi osalira, anthu n'kugonereza. Zimenezi ife sitifunika kuchita kulongosoleredwa. M'mawa, mu piringupiringu wothamangira ndege, wowerenga ana akupeza kuti akwana 11, osadziwa kuti wawerengera mwana wa aneba yemwe amangosuzumira m'galimoto, ndiye Kevin akutsala yekha kunyumba.

Apa ndi poyamba pomwe ndimaimitsa filimu, koma osati kuti ndilalikire. Ndimangofunsa kuti, "Kodi m'Baibulo muli mwana yemwe makolo ake anamusiya pa ulendo?" Ana amayamba ayang'anana, kenako wina amakumbukira. Pa Luka 2:41-50, Yesu ali ndi zaka 12 anatsalira ku Yerusalemu; Yosefe ndi Mariya anayenda ulendo wa tsiku lathunthu akuganiza kuti ali m'gulu la abale, ndipo anakamupeza m'Kachisi atapita masiku atatu. Mwana yemwe wangoona nkhope ya amayi a Kevin m'ndege, atazindikira kuti mwana wawo watsala, amamva msanga nkhawa ya Mariya kuposa ndikanangomuwerengera ndimeyo. Kusiyana kwake nakonso n'kofunika kukutchula: Kevin anatsala mtima uli fwaa ndi mkwiyo, pomwe Yesu anatsalira za Atate wake.

Komabe mtima wa filimuyi suli pa Kevin ndi Harry ndi Marv, akuba awiri omwe akufuna kuthyola nyumba yawo. Uli pa nkhalamba yoyandikana nawo nyumba, bambo Marley.

Buzz amauza ana anzake kuti nkhalambayo inapha banja lake lonse ndi fosholo yochotsera chipale chofewa. Palibe anaona, palibe umboni, koma Kevin akangoiona amathawa ngati waona njoka. Makolo anzanga, kodi nkhani imeneyi ndi yachilendo kwathu kuno? Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi agogo omwe ana amalambalala pakhomo pawo chifukwa wina ananena kuti ndi mfiti. Ena mwa agogo oterowo amenyedwa, ena aphedwa kumene, ndipo kawirikawiri zimayamba ndi kunong'onezana komwe ana amakumva tikukamba ife akuluakulu tikusenda mbatata. Lamulo la pa Eksodo 20:16, loletsa kuchitira mnzako umboni wonama, mwana amaliloweza mosavuta. Kuti alimve kuwawa kwake, aone kaye munthu yemwe wanamiziridwa.

Filimuyi imamuonetsa munthuyo m'tchalitchi. Madzulo a tsiku loti mawa ndi Khrisimasi, Kevin akulowa m'tchalitchi momwe kwaya ikukonzekera nyimbo, ndipo nkhalamba ija ikubwera kudzakhala naye pafupi. Ikumulozera kamtsikana kena koimba m'kwayamo: ndi mdzukulu wake. Imabwera nthawi yokonzekera chifukwa inayambana ndi mwana wake wamwamuna zaka zapitazo, ndipo sayankhulana. Ikuopa kumuimbira foni, kuti mwina sakaiyankha. Kevin, yemwe wangogonjetsa mantha ake a chipinda chapansi cha nyumba yawo, ndi amene akuilangiza kuti ingoimba basi.

Gawo limeneli ndi la mphindi zochepa, lopanda phokoso, ndipo ana aang'ono amayamba kutakataka. Musalidumphe. Ine ndimachepetsa zonena zanga, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Agogowa akuopa chiyani?" Mayankho amabwera okha, ndipo kuchokera apo Mateyu 5:23-24 ali pafupi, pomwe Yesu akuti usiye mtulo wako paguwa, ukayanjane kaye ndi mbale wako. Kumapeto, fosholo yomwe ija ankaiopa ndi imene ikupulumutsa Kevin m'manja mwa akuba, ndipo m'mawa wa Khrisimasi akuona pawindo nkhalamba ija ikukumbatira mdzukulu wake, mwana wake ali pomwepo.

Tsono za misampha yomwe Kevin akutchera akuba aja, zomwe ana amaikondera filimuyi. Simbi yositira ikugwera munthu kumaso, zitini za penti zikuwomba pamphumi, phazi likuponda msomali, mutu ukupsa ndi moto, koma anthuwo akudzuka n'kumathamangabe. Mwana wa zaka 5 kapena 6 sasiyanitsa bwino zochitika zenizeni ndi zamasewero, n'chifukwa chake ku America komweko filimuyi anaiika m'gulu la PG, kutanthauza kuti makolo akhalepo. Auzeni mosabisa kuti zimenezo n'zongopanga, ndipo munthu weniweni akhoza kufa. Muwafunsenso chomwe iwo angachite atamva akuba pakhomo. Yankho loyenera ndi kukuwa ndi kuthamangira kwa akuluakulu, osati kutchera misampha. Mulinso mawu achipongwe omwe abale amalankhulana, ndi momwe Kevin amayankhira amayi ake. Mukaona mwana akuseka pamenepo, mufunseni ngati mawu otero angatuluke pakamwa pake m'nyumba mwanu.

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri, ngakhale mwa aphunzitsi omwe ndimawasula, ndi kuimitsa filimu mphindi zisanu zilizonse kuti apereke phunziro. Mukatero ana amadana ndi filimu ndi phunziro lomwe. Filimuyi ndi ya ola limodzi ndi mphindi zoposa 40. Kuimitsa kawiri kapena katatu n'kokwanira. Zotsalazo zidikire nthawi ya nsima, kapena mawa potsuka mbale. Deuteronomo 6:7 amanena za kuphunzitsa ana pokhala pansi m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka, osati pa nthawi yoikika yokha.

Chaka china nditaonera filimuyi ndi ana a kalasi langa, palibe anatchula za nkhalamba ija. Onse ankangoyerekeza kukuwa kwa Marv. Ndinabwerera kunyumba ndikuti ndataya nthawi. Lamulungu lotsatira kamtsikana kena ka zaka 9 kanandikoka chitenje titaweruka, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, nanga agogo aja a kuseri kwa chigayo, amene amati amatamba aja, ali ndi adzukulu?"